Bokosi liti la Krieg der Sterne? Kaseti, LaserDisc, DVD kapena Blu-ray ya ku Germany

Bokosi langa loyamba la Star Wars ya Chijeremani ndinaligula pa msika wa zinthu zakale, umene kuno ku Germany amautchula kuti Flohmarkt, Loweruka lina m'mawa kukuzizira koti zala kuchita kuuma. Linali lagolide, makaseti atatu ali bwinobwino mkatimo, ndipo wogulitsayo sanavute pa mtengo. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha mu sitima, ndikuti lero ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Nditalowetsa kaseti yoyamba mu deki, chimwemwe chinayamba kuphwa. Chithunzi chinali chodulidwa m'mbali kuti chidzaze TV yakale ija, ndipo pofika pa malo omwera mowa paja, chigawenga Greedo ndiye anayamba kuwombera Han Solo, pomwe mu filimu yakale Han ndiye amawombera yekha. Ine ndimafuna filimu imene Ajeremani anaonera m'nyumba za kanema mu 1978. Imene ndinagula inali ya 1997.

Ndi mafilimu ena, ukasankha pakati pa kaseti, DVD ndi Blu-ray, umangosankha kuti chithunzi chiwale bwanji. Ndi mafilimu atatu awa nkhani ndi ina. Krieg der Sterne, dzina la Chijeremani la Star Wars yoyamba, inafika ku West Germany mu 1978, patapita miyezi ingapo itatuluka ku America mu 1977. Das Imperium schlägt zurück inatsatira mu 1980, kenako Die Rückkehr der Jedi-Ritter mu 1983. Kuchokera apo George Lucas, mwini wa mafilimuwa, sanaleke kuwagwiragwira. Anawasintha mu 1997, anawasinthanso mu 2004, mu 2011, ndipo zosintha zina zinaonekera mu 2019. Choncho bokosi lililonse lili ndi filimu yakeyake mkati, ngakhale dzina pa chikuto likhale lomwelo. Musanatulutse ndalama, dziwani kuti ndi filimu ya chaka chiti imene mukuifuna.

Chifukwa chiyani ya Chijeremani?

Mnzanga wina anandifunsa funso limeneli akuseka, poti Chingerezi ndimachimva bwino kuposa Chijeremani. Yankho lake lili m'mawu. Ku Germany mafilimu akunja kawirikawiri saonetsedwa ndi timawu tolembedwa pansi ayi, amawaikamo mawu a anthu awo, ndipo ntchitoyi amaigwira mwaluso moti olankhulawo amatchuka paokha. Kwa Mjeremani amene anakula m'zaka za m'ma 1980, Darth Vader ndi Heinz Petruo, Luke ndi Hans-Georg Panczak, Leia ndi Susanna Bonaséwicz, C-3PO ndi Joachim Tennstedt, ndipo Han Solo ndi Wolfgang Pampel, yemwe wakhala mawu a Harrison Ford kwa zaka zambiri. Mawu a Petruo ndi ozizira, olamula, osabangula ngati a James Earl Jones, amene amalankhula ngati Vader mu Chingerezi. Ukawazolowera umayamba kuona Vader wina ndithu.

Apa mpamene kusintha kwa Lucas kumapweteka kawiri. Akawonjezera kachigawo kapena kusintha zolankhula mu Chingerezi, Ajeremani nawo ayenera kubwerera ku situdiyo kukajambula mawu atsopano. Petruo anamwalira mu 2001. Pamene kukambirana kwa Vader ndi mfumu yake mu filimu yachiwiri kunalembedwanso mu 2004, panafunika munthu wina woti alankhule m'malo mwake, ndipo khutu lozolowera limamva msoko pamenepo. Wosonkhanitsa mabokosi a Chijeremani amakhala akusaka zinthu ziwiri nthawi imodzi, chithunzi chakale ndi mawu akale.

Makaseti

Makaseti ali m'magulu atatu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Oyambirira ndi a m'ma 1980, a kampani ya CBS/Fox, ambiri mwa iwo ochokera m'mashopu obwereketsa mafilimu amene ankatchedwa Videothek. Amakhala m'zikuto zikuluzikulu zapulasitiki, nthawi zambiri ali ndi masitika a shopuyo, ndipo anazunguliridwa m'madeki a anthu mazanamazana. Kukongola pa shelefu ndiye kulipo, dzina lakale la Krieg der Sterne lili pamwamba. Koma kuonera, musayembekezere zambiri. Chithunzi n'chodulidwa m'mbali ndipo chimakhala chitatopa. Chenjeraninso ndi chinthu chimodzi: pa nthawi imeneyo ku Germany kunali mitundu itatu ya makaseti ikupikisana, VHS, Betamax ndi Video 2000 ya Philips ndi Grundig. Zikuto zake zimafanana mukaziona pa chithunzi cha pa intaneti, koma kaseti ya Video 2000 silowa mu deki ya VHS ngakhale mutaikankha bwanji. Funsani chithunzi cha kaseti yeniyeniyo, osati chikuto chokha.

Gulu lachiwiri ndi la 1995, lolembedwa THX, lija la nkhope pa zikuto: Vader, msilikali wa chisoti choyera, ndi Yoda. Ili ndiye bokosi limene ine ndimalikonda pa makaseti onse. Chithunzi ndi phokoso zinatsukidwa, koma filimuyo sinaikidwemo zatsopano za pa kompyuta. Ankaligulitsa ponena kuti ndi mwayi womaliza wopeza mafilimuwa momwe analili, ndipo pa nkhani ya makaseti sananame. Ngati mukufuna bokosi limodzi lokha la VHS, sakani limeneli, makamaka lolembedwa Widescreen, kutanthauza chithunzi chonse chotambalala.

Lachitatu ndi Special Edition ya 1997, imene inandipusitsa ija. Lagolide ndi lachithunzi chodulidwa, chimene Ajeremani amachitcha Vollbild, lasiliva ndi lachithunzi chonse chotambalala. Mabokosi amenewa anagulidwa ochuluka zedi, choncho ali mbwee m'misika, ndipo amene akukuuzani kuti ndi osowa akungofuna ndalama zanu. Komabe patapita nthawi ndinasiya kulinyoza langa lija. Mtundu wa 1997 uli ndi zake zimene sizinatulukenso pa DVD kapena Blu-ray. Chilombo chotchedwa Jabba, wa pa kompyuta woyambirira, wooneka ngati chidole cha dongo chosauma, ali mmenemo. Kumapeto kwa filimu yachitatu nyimbo ndi yatsopano kale koma mzimu wa Anakin, bambo a Luke, udakali woseweredwa ndi Sebastian Shaw. Kuphatikiza kotereku simukupezanso pa chimbale chilichonse cha masiku ano.

Vuto la makaseti onse ndi lakuti akufa pang'onopang'ono. Tepi ikakhala malo achinyezi imachita chuku, timadontho toyera tooneka pa kawindo ka kasetiyo, ndipo mukaiika mu deki yoteroyo imadetsa mitu ya makinawo n'kupatsira makaseti ena. Makaseti ambiri a ku Germany akhala zaka makumi awiri kapena atatu m'zipinda zapansi pa nyumba, momwe chinyezi sichisowa. Amene mukufuna kuwatumiza kumudzi, ganizirani za dzinja lathu. Kaseti yosungidwa m'kabati yotsamira khoma lonyowa singapirire nyengo zambiri za mvula. Nawonso madeki akusowa, poti Funai, kampani yomaliza kuwapanga, inasiya mu 2016. Chabwino n'chakuti makaseti a ku Germany ndi a PAL, njira yoonetsera zithunzi pa TV, monganso TV za ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, ndiye deki yakale imene ili kwa agogo ikhoza kuwaonetsa ikakhala kuti idakali moyo. Mukagula deki ku Germany komweko, magetsi ake ndi 230V ngati athu, kungosintha pulagi ya mano awiri ija.

PAL ili ndi kakhalidwe kake kamene muyenera kukadziwa. Filimu ya m'nyumba ya kanema imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pomwe PAL imayenda 25. Zotsatira zake n'zakuti filimu imathamanga pang'ono, pafupifupi 4 peresenti, ndipo mawu amakwera pang'ono. Filimu ya mphindi 121 imatha pa mphindi 116 kapena chapompo. Ndiye mukaona nambala yocheperapo kuseri kwa chikuto, musaganize kuti adulamo zina. Izi zimakhudza makaseti, LaserDisc ndi DVD zomwe. Blu-ray ndiyo inabwezera liwiro lenileni.

LaserDisc

Izi ndi zimbale zikuluzikulu za masentimita 30, zonyezimira ngati CD yonenepa. Chikuto chake n'chachikulu ngati cha zimbale za galamafoni, ndipo pa khoma palibe chochiposa. Chithunzi n'chakuthwa kuposa cha VHS, phokoso ndi la dijito, ndipo chimbale sichitha chifukwa choonera kawirikawiri popeza palibe chochikhudza koma kuwala.

Koma mbali imodzi imatenga pafupifupi ola limodzi basi, ndiye pakati pa filimu muyenera kudzuka kukatembenuza, pokhapokha makina anu akhale otembenuza okha. Ku Germany LaserDisc sinafalikire ngati ku Japan kapena ku America, choncho zimbale za Chijeremani n'zochepa ndipo eni ake amadziwa chimene ali nacho. Pioneer inasiya kupanga makina ake mu 2009. Amene atsala ndi olemera, osachedwa kuwonongeka pa ulendo, ndipo wokonza ndi wosowa. Palinso matenda otchedwa laser rot, pamene guluu wa pakati pa chimbale walola mpweya kulowa, chithunzi n'kuyamba kuchita timadontho ngati mvula yowaza. Ndi maso simungawaone pa chimbalecho, mpaka mutachiika m'makina. Ine njira iyi ndinaiyang'ana, ndinawerengera mtengo wa makina ndi malo m'nyumba, ndinaisiyira ena.

DVD: 2004, 2005 ndi 2006

Apa mpofunika kudekha, chifukwa mabokosi atatuwa amasokoneza anthu ambiri.

La September 2004 ndi la zimbale zinayi. Zitatu ndi mafilimu, chachinayi ndi cha zoonjezera, momwe muli Empire of Dreams, filimu ya maola awiri ndi theka yofotokoza momwe mafilimuwa anapangidwira. Chimbale chachinayichi pachokha n'chokwanira kugulira bokosilo, makamaka poti mabokosiwa ndi osavuta kupeza. Chithunzi chinatsukidwa ndi kampani ya Lowry Digital ndipo chimadzaza bwino TV yotambalala. Koma mpamenenso zosintha zinachuluka. Ian McDiarmid analowetsedwa mu filimu yachiwiri ngati mfumu ija, Hayden Christensen analowa m'malo mwa Sebastian Shaw kumapeto kwa yachitatu, ndipo Jabba anajambulidwanso. Mitundu nayo inasokonekera malo ena. Lupanga lowala la Vader limaoneka lapinki m'zigawo zina, ndipo pali pamene la Luke, loyenera kukhala labuluu, limaoneka lobiriwira.

La 2005 ndi mafilimu omwewo, chimbale chachinayi chija atachichotsa. Ngati simuli munthu wofuna chikuto chilichonse chimene chinatulukapo, lidutseni.

Tsopano za 2006. Izi sizinabwere ngati bokosi limodzi koma filimu iliyonse payokha, yolembedwa Limited Edition, zimbale ziwiriziwiri. Chimbale choyamba ndi mtundu wa 2004 uja. Chachiwiri, chimene anachiika ngati choonjezera chabe, ndi filimu momwe inalili isanasinthidwe mu 1997. Han Solo amawombera yekha, Jabba mu filimu yoyamba mulibe, nyimbo yakale ya kumapeto ili m'malo mwake, ndipo mawu oyenda kumayambiriro kwa filimu yoyamba alibe Episode IV, imene inaonjezedwa mu 1981. Pa za ku Germany mumapezanso mawu a Chijeremani akale pa chimbale chachiwiricho. Mpaka lero, zimbale zimenezi, zimene ku America zinabwerezedwanso m'bokosi limodzi mu 2008, ndizo njira yokhayo imene Lucasfilm, kampani ya Lucas, inagulitsira mafilimu osasinthidwawa pa DVD, ndipo pa Blu-ray sanatulukepo.

Zoipa zake ndinene mosabisa. Chithunzi cha pa chimbale chachiwiri chinatengedwa pa matepi amene anakonzedwera LaserDisc mu 1993, ndipo sichinakonzedwere TV yotambalala. Mukachiika pa TV ya masiku ano chimakhala kabokosi pakati, mdima kumwamba, pansi ndi m'mbali monse. Muyenera kudina zoom pa rimoti, ndipo mukatero chimafewa ngati mukuyang'anira pa galasi la thukuta. Zinthu zikamathamanga zimasiya kamchira kosaoneka bwino, chifukwa cha njira yochotsera timadontho imene ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Anthu anadandaula kwambiri zitatuluka, ndipo sanalakwe. Komabe ineyo mukandifunsa kuti ndigule chiyani ngati ndalama zilipo za chinthu chimodzi, ndidzakuuzani za 2006 zomwezi. Sizichita chuku, sizifuna makina osowa, ndipo mumapeza mitundu iwiri ya filimu iliyonse, Chijeremani ndi Chingerezi chomwe. Pogula onetsetsani kuti chimbale chachiwiri chilimo, chifukwa ndi chimenecho chimene mukulipirira. Ine yachiwiri ya mafilimuwa inandipeza ili ndi chimbale chimodzi, pamalo pa chinacho pali mphako, wogulitsa n'kumati sanazindikire.

Kwa amene muli kumudzi pali nkhani ya zigawo, poti DVD zimakhomedwa kuti zionetsedwe pa makina a chigawo chake cha dziko lapansi. DVD za ku Germany ndi za Region 2, limodzi ndi Britain ndi South Africa. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali mu Region 5. Makina ambiri otsika mtengo a m'misika yathu salabadira zimenezi, amangoonetsa chilichonse, koma a makampani otchuka kapena PlayStation akhoza kukana. Yesani kaye ndi chimbale china cha ku Ulaya musanaitanitse.

Blu-ray ndi 4K

Mu September 2011 kunabwera The Complete Saga, zimbale zisanu ndi zinayi za mafilimu asanu ndi limodzi, komanso bokosi la zimbale zitatu la mafilimu akale okhawa. Chithunzi n'chakuthwa, liwiro ndi lenileni, ndipo Europe ndi Africa onse ali mu Region B, ndiye vuto la zigawo palibe. Koma Lucas anagwiranso. Vader, amene kale ankanyamula mfumu yake ali duu osatulutsa mawu, tsopano amakuwa, tinyama ta m'nkhalango totchedwa Ewok timaphethira, ndipo kutsogolo kwa R2-D2 kunamera miyala imene kunalibe. Kukuwa kwa Vader kuja ine sindinakukhululukire mpaka pano. Kukhala chete kunali mphamvu yonse ya chigawocho.

Kwa wosonkhanitsa, Blu-ray ya ku Germany ili ndi chilema china chapachikuto. Bungwe loona zaka za oonera mafilimu, FSK, la ku Wiesbaden, lili ndi chizindikiro chake cha mitundu: choyera cha 0, chachikasu cha 6, chobiriwira cha 12, chabuluu cha 16 ndi chofiira cha 18. Kuyambira kumapeto kwa 2008 lamulo linati chizindikirocho chikhale chachikulu, kutsogolo, pakona yakumanzere pansi. Ndiye chojambula chokongola chimakhala ndi chibanthu chobiriwira ngati chigamba pa suti yaukwati. Makampani anapeza njira ziwiri zozembera. Ina ndi Wendecover, chikuto chosindikizidwa mbali zonse ziwiri choti mukachitembenuza chizindikirocho chimabisika. Ina ndi kuchiika ngati sitika yomatula kapena pa pepala lakunja. Mukamagula chilichonse chotuluka 2008 itadutsa, funsani ngati FSK ndi yomatula kapena yosindikiziratu. Mabokosi a 2004 ndi 2006 vutoli alibe, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimawakondera.

Mu 2015, filimu yachisanu ndi chiwiri itatsala pang'ono kutuluka, kunabwera za zikuto zachitsulo zotchedwa Steelbook, filimu iliyonse ndi nkhope yake. Ajeremani amazikonda kwambiri zachitsulozi. Mkati mwake ndi mtundu wa 2011 womwewo, ndiye mukugula chitini. Chikapindika kapena kukalika, mtengo wagwa pomwepo.

Za 4K zinafika mu 2020, Disney itagula kale Lucasfilm mu 2012 ndi Fox mu 2019. Kuwala ndi mitundu ndiye palibe chozipambana, zolakwika za malupanga zija zinakonzedwa, ndipo zimbale za 4K zilibe zigawo. Koma ndi mtundu wa 2019, womwe uli pa Disney+, ndi kamawu kachilendo kamene Greedo amatulutsa asanafe. Ngati cholinga chanu n'kuonera ndi ana pa TV yaikulu Lamlungu masana, gulani zimenezi osadandaula. Kungoti ndi zimene zili kutali kwambiri ndi filimu ya 1978.

Pogula

Malo odziwika ndi eBay ya ku Germany, Kleinanzeigen imene kale inkatchedwa eBay Kleinanzeigen, ndi mashopu a zakale a pa intaneti monga Medimops ndi Rebuy. Mashopu akuluakuluwa ndi abwino pa DVD wamba, koma amaika chithunzi chimodzi cha katundu yense, ndiye simudziwa ngati bokosi lanu ndi lophwanyika pakona kapena ngati ndi la chaka chimene mukufuna. Kwa munthu payekha mukhoza kupempha zithunzi, koma ambiri pa Kleinanzeigen safuna kutumiza kunja, ndipo ena amalemba Nur Abholung, kutanthauza kuti mubwere mudzatenge nokha.

Mawu ochepa a Chijeremani adzakupulumutsani. OVP ndiye kuti chili m'paketi yake yoyambirira, koma samalani, chifukwa ena amatanthauza kuti sichinatsegulidwe pomwe ena amangotanthauza kuti bokosi lilipo. Chosatsegulidwa chenicheni amati eingeschweißt. Schuber ndi chikuto chakunja cha katoni chija, chimene chimayamba kutha ndi kusowa. Erstauflage ndi chotuluka koyamba, Neuauflage ndi chobwereza. Ungetestet ndiye kuti sanachiyese, ndipo pa kaseti kapena LaserDisc mawu amenewa muziwamva ngati akuti zikavuta n'zanu.

Kutumiza ndiye kumadya ndalama. Makaseti atatu ndi olemera komanso otenga malo, moti kawirikawiri positi imaposa mtengo wa katunduyo. Amene muli ku Britain kumbukirani kuti kuyambira 2021 phukusi lochokera ku Germany limadutsa pa kasitomu. Wopita kumudzi ndi sutikesi ndiye njira yabwino, koma DVD zitatu za 2006 zimalowa pakati pa malaya osavuta, pomwe bokosi la makaseti muyenera kuchita kumupempha mwaulemu, mwina n'kumugulirako chokoleti.

Pa shelefu yanga pano pali la THX la 1995, limene ndimaliika mu deki kamodzi pa chaka kuti tepi isamatirire, la zimbale zinayi la 2004, zitatu za 2006 zimene ndimaoneradi, ndi lagolide lija. Chimbale chachiwiri chosowa chija ndinachipeza patatha miyezi inayi, chili chokha m'kaenvelopu, kwa munthu wina amene chikuto chake chinanyowa ndi madzi m'chipinda chapansi.